Ntchito yofufuza za amayi m'ndale: mafunso ndi mayankho kuchokera ku Zomba

Nyengo imene ophunzira a chaka chomaliza amasankha mitu ya kafukufuku ikafika, pakhomo pa ofesi yanga sipatha anthu, ndipo mafunso amene amabwera nawo ndi omwewomwewo chaka ndi chaka. Ena ndi achinyamata amene akulingalira zodzakhala aphunzitsi a pa yunivesite, ena ndi akuluakulu ogwira ntchito m'mabungwe amene akufuna kubwerera kusukulu kukachita digiri yachiwiri. Ndasonkhanitsa pano mafunso amene amabwera kawirikawiri, ndipo ndawayankha monga munthu amene wakhala akuphunzitsa za ndale kuno ku Zomba ndi kuyenda m'madera kucheza ndi amayi opikisana pa zisankho.

Kodi pali chofufuza chanji, popeza chiwerengero cha aphungu aakazi chimalengezedwa pa wailesi chisankho chikangotha?

Kuwerenga mipando ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo aliyense wodziwa masamu a ku pulayimale angaigwire. Wofufuza amayambira pamene kuwerengako kwathera. Akadziwa kuti amayi apambana angati, amafunsa kuti amene anali ndi chidwi choima anali angati, amene zipani zinawalola kuziimira anali angati, ngati anaimikidwa m'madera amene chipani chili ndi mphamvu kapena m'madera amene chinadziwiratu kuti sichikapambana, ndiponso kuti mwa amene analowa m'Nyumba ya Malamulo zaka zisanu zapitazo ndi angati abwereramo.

Akatswiri a phunziroli amasiyanitsa zinthu zitatu. Choyamba ndi kupezeka kwa amayi pa mipando. Chachiwiri ndi zimene amachita akakhala pampandopo, monga malamulo amene amalimbikira, mafunso amene amafunsa nduna, ndi makomiti amene amaikidwamo. Chachitatu ndi zimene kupezeka kwawoko kumasintha m'maganizo mwa anthu, monga mtsikana wa ku Songani amene akukula akuona mayi akutsogolera zokambirana za aphungu. Ophunzira ambiri amathamangira choyambacho chifukwa sichitulutsa thukuta, koma mitu yokhala ndi mnofu ili pa ziwiri zotsalazo, ndiponso pa njira yonse imene mayi amayenda dzina lake lisanafike pa pepala lovotera.

Kodi chiwerengerocho chayenda bwanji kuyambira pamene ndale za zipani zambiri zinabwerera?

Mu 1994 amayi 10 okha ndi amene anapambana pa mipando 177. Mu 2004, mipando ili 193, anapambana 27, ndipo mu 2009 anapitirira 40, kukhala koyamba kuti amayi apose gawo limodzi mwa magawo asanu a Nyumba yonse. Chisankho cha 2009 chinali choyamba kuchitika kampeni ya 50:50 itayamba mu 2008, chaka chimene mayiko a SADC anagwirizana zoti amayi ndi abambo adzakhale ofanana pa maudindo pofika 2015, choncho anthu ambiri anaganiza kuti njira yatseguka basi. Koma mu 2014 chiwerengero chinatsika kufika pa 32, pamene dziko linali litangokhala zaka ziwiri pansi pa mtsogoleri wamkazi, a Joyce Banda. Mu 2019 chinakweranso kupitirira 40, ndipo aphungu anasankha a Catherine Gotani Hara kukhala sipikala woyamba wamkazi. Pa chisankho cha 2025 madera anawonjezedwa kufika pa 229, motero wofananitsa zaka ayenera kugwiritsa ntchito maperesenti, osati manambala a mipando okha.

Mudzaona kuti malipoti amasiyana ndi mpando umodzi kapena iwiri pa chaka chimodzimodzi. Izi zimachitika chifukwa chisankho cha dera lina chimaimitsidwa wopikisana akamwalira, zotsatira zina zimathera kukhothi, ndipo pakati pa zaka zisanu pamachitika zisankho zachibwereza. Polemba, nenani tsiku limene munawerengera ndi kumene munatenga nambalayo.

Kutsika kwa 2014 ndi funso limene limandikomerabe. Ena amati mkwiyo wa anthu pa kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, unagwera amayi onse opikisana ngati kuti onse anali munthu mmodzi. Ena amati amayi ambiri a mu 2009 analowa pa tikiti ya DPP m'chaka chimene chipanicho chinasesa mipando, ndipo mavoti atagawikana pakati pa zipani zinayi zikuluzikulu mu 2014, mipando yawoyo inapita nawo. Ine ndimaona kuti chifukwa chachiwirichi n'chosavuta kuchitsimikiza ndi manambala, pamene choyambacho chimafuna kuti munthu akhale pansi ndi ovota enieni, osangobwereza zimene zinalembedwa m'nyuzipepala.

N'chifukwa chiyani ntchitoyi ichitikire ku Zomba pamene Nyumba ya Malamulo ndi maofesi a zipani zili kwina?

Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka m'zaka za m'ma 1990, koma mapepala ambiri anatsala. National Archives of Malawi ili ku Zomba, ndipo kumeneko munthu amapeza makalata a boma la atsamunda, nyuzipepala zakale ndi mabuku a Hansard, momwe mumalembedwa mawu onse olankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo. National Statistical Office, imene imachititsa kalembera wa anthu, ilinso kuno. Ku University of Malawi, imene ambiri amaitchabe Chanco, kuli dipatimenti ya za ndale, sukulu ya zamalamulo, ndi Centre for Social Research, imene yakhala ikuchita kafukufuku wa Afrobarometer wofunsa maganizo a anthu pa za ulamuliro, kuphatikizapo ngati amayi ayenera kukhala ndi mwayi wofanana ndi abambo wosankhidwa pa maudindo. Wophunzira wa ku Chikanda kapena ku Matawale angathe kufika malo onsewa pa kabaza tsiku limodzi.

Palinso mbiri imene ili m'misewu yomwe timayendamoyi. A Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa ndalama ya K200, anayambira kuno kusonkhanitsa amayi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1959 anatsekeredwa m'ndende ya Zomba ali ndi khanda la masiku owerengeka. Mu 1964 anakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa unduna waung'ono, koma chaka chomwecho kusamvana kwa nduna ndi Dr Kamuzu Banda kunawachotsa pampando n'kuwathawitsira kunja. A Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anakhala m'ndende yomweyo mpaka pamene anatulutsidwa mu 1993. A Joyce Banda kwawo ndi m'boma lino, ndipo anakhalapo phungu wa Zomba Malosa asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2009 ndi mtsogoleri mu April 2012. Wofufuza wa kuno safunika kukwera ndege kuti apeze poyambira.

Kodi pamafunika maphunziro otani?

Ambiri amayamba ndi digiri ya za ndale, koma olowera ku mbiri yakale, zamalamulo, chikhalidwe cha anthu kapena zachuma amachitanso bwino. Chofunika n'chakuti pa digiri yachiwiri muphunzire njira za kafukufuku mbali zonse ziwiri: kusanthula manambala pa kompyuta, ndi kufunsa anthu mafunso mwakuya. Wodziwa manambala okha amaona kuti amayi agwa koma sadziwa chawagwetsa, ndipo wodziwa kucheza kokha amabwera ndi nkhani zogwira mtima zimene sangathe kunena ngati zikuimira dziko lonse kapena mudzi umodzi. Kuti munthu akhazikike pa ntchito ya pa yunivesite, digiri ya udokotala ndi yosathawika, ndipo imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo.

Nanga amayi ambiri amagwera pati pa ulendo wopita ku Nyumba ya Malamulo?

Pa zimene ndaona, ambiri amagwera pa zisankho za chipulula, tsiku lovota lenileni lisanafike n'komwe. Lamulo la dziko silinena mwatsatanetsatane mmene zipani ziyenera kuchitira zisankho zimenezi, choncho chipani chilichonse chimayendera zake. Kawirikawiri opikisana amaima kutsogolo pa bwalo la sukulu, ndipo nthumwi za m'makomiti a m'maeriya zimafola kumbuyo kwa amene zikumufuna, wina aliyense akuona. Nkhondo yeniyeni imakhala pa mndandanda wa maeriya ovomerezeka, popeza amene ali pafupi ndi akuluakulu a chipani m'boma ndi m'chigawo ndi amene amadziwa msanga kuti mndandandawo wasintha.

Tsiku lina ndinakaonerera chisankho chotere m'dera lina chakunyanja ya Chilwa. Ndinafika pa sukulu imene inalengezedwa dzuwa lisanatenthe, n'kupeza amayi ambiri atavala nsalu za chipani atakhala pansi pa mtengo wa mango akudikira. Nthawi itapita ndithu, mnyamata wa njinga anabwera kudzanena kuti malo asinthidwa, chisankho chikuchitikira pa sukulu ina kutsidya kwa mtsinje. Otsatira opikisana ena anali atatengedwa kale pa lole m'mamawa, koma otsatira mayi amene ankapikisana nawoyo anayenda wapansi, ena ana ali kumsana, ndipo pofika anapeza kuwerenga kwatha, nthungululu zili pakamwa. M'mabuku a bungwe loyendetsa zisankho la MEC mayi ameneyu mulibe, chifukwa sanafike popereka zikalata zoimira. Wofufuza amene amangodalira zotsatira za MEC sadzadziwa kuti analipo.

Ena akachitidwa chotero amaima paokha, ndipo si njira yachabe, popeza oima paokha anapambana mipando 52 mu 2014 ndi 55 mu 2019. Koma woima payekha amalipira zonse kuchokera m'thumba mwake.

Apa ndi pamene nkhani ya ndalama imalowera. Bungwe la MEC lakhala likuchepetsa ndalama zimene amayi amalipira popereka zikalata zawo, koma ndalama imeneyo ndi kadontho poyerekeza ndi zimene kampeni imadya. Ndinachezerapo mayi wina amene anali shado m'dera lake, ndipo pofika pakhomo pake m'mamawa ndinapeza pakhonde pali anthu kale: wina wadzapempha bokosi la maliro, wina fizi ya mwana wa ku sekondale, wina galimoto yotengera wodwala kuchipatala, komanso anyamata a timu ya mpira akufuna yunifomu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma malire a pakati pa kugula voti ndi kuthandiza pamaliro savuta kuwalemba m'lamulo, amavuta pakhonde. Amayi ambiri alibe malo kapena nyumba za m'dzina lawo zoti n'kupinyolitsa kubanki, ndipo amene ali nazo ayenera kuyamba agwirizana ndi akubanja asanaziike pachiswe. Onjezanipo mawu otukwana pa misonkhano, kufunsidwa ngati ali pabanja, ndi mwambi uja wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, umene umatuluka nyengo ya kampeni iliyonse.

Kodi n'zoona kuti amayi savotera amayi anzawo?

Mawu amenewa amanenedwa kwambiri chifukwa amayi ndi oposa theka la olembetsa m'kaundula wa ovota, koma kuwatsimikiza n'kovuta, popeza voti ndi yachinsinsi ndipo mabokosi sasiyanitsa amuna ndi akazi. Wovota wa kwathu kuno amayang'ana chipani, chigawo, kwawo kwa wopikisana ndi zimene wachita m'dera, ndipo m'madera ambiri pa pepala lovotera pamakhala mayi mmodzi kapena palibiretu. Musanawaimbe mlandu amayi ovota, yambani mwawerenga kuti anapatsidwa mwayi wosankha mayi wa chipani champhamvu m'madera angati.

Popeza kuno ndi kwa chikamwini, kodi amayi sakhala ndi mwayi woposa a kumpoto?

Funsoli ndi labwino ndipo silinayankhidwe mokwanira. Pakati pa Ayao, Alomwe ndi Anyanja a m'boma lino, mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda umatsata mbumba, ndipo mafumu aakazi si achilendo. Mayi woima kuno amaima kwawo, pakati pa abale ake, pamene mayi wokwatiwa ku chitengwa kapena kumene kuli malowolo angathe kuuzidwa kwa mwamuna wake kuti ndi mlendo, kwawonso n'kuuzidwa kuti anachoka kale. Komabe pa chikamwini mwini mbumba ndi malume, ndipo wolankhula pabwalo m'malo mwa banja kawirikawiri ndi mwamuna. Kukhala ndi munda sikupatsa munthu ndalama za kampeni. Tisaiwalenso kuti a Chibambo ndi a Gotani Hara onse anaimira madera a ku Mzimba, ndipo mayi woyamba kupikisana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko mu 2009, a Loveness Gondwe, analinso phungu wa komweko.

Wofuna mutu umenewu awerengenso za nthawi ya chipani chimodzi, pamene Dr Banda ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse ndi kuwatcha mbumba zake. Mawu a chikamwini anatengedwa kupita nawo ku ndale, amayi n'kukhala ovina ndi oimba pa misonkhano, ndipo chizolowezi chimenecho chinapitirira m'zipani zonse 1994 itadutsa. Kodi mayi wovina pa msonkhano ndi wogwiritsidwa ntchito chabe, kapena nayenso ali ndi zimene akupezapo ndi zimene akunena kudzera m'nyimbo? Musamuyankhire, kamufunseni.

Bwanji osangokhazikitsa lamulo losungira amayi mipando monga ku Rwanda?

Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 20 ndi 24, amaletsa tsankho ndi kuteteza ufulu wa amayi, koma sasungira amayi mpando uliwonse. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 alionse, koma silikhudza mipando yochita kuvotera. Mu 2017 bungwe la Law Commission, pounikanso malamulo a zisankho, linapereka ganizo lakuti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando umodzi wopikisana amayi okhaokha, koma ganizolo silinasanduke lamulo.

Ku Rwanda malamulo a 2003 anasungira amayi mipando 24 mwa 80, ndipo amayi akhala oposa 60 pa 100 alionse m'nyumba ya aphungu kuyambira 2013. Ku Uganda boma lililonse limasankha phungu wamkazi, ku Tanzania kuli mipando yapadera imene zipani zimagawana, ndipo ku South Africa ndi ku Mozambique zipani zazikulu zinadziikira zokha malire. Mayiko awiri omalizawa amavotera mndandanda wa chipani, pamene ife timavotera munthu mmodzi pa dera, wopeza mavoti ambiri n'kutenga zonse. Pa mndandanda n'kosavuta kusinthanitsa mayina a amuna ndi akazi, koma pa dera la mpando umodzi, kuimika mayi kumatanthauza kuuza bambo wina wodziwika kuti apumule. Ntchito ya wofufuza ndi kuonetsa zimene njira iliyonse yabala kumene inayesedwa, kuphatikizapo dandaulo lakuti aphungu a mipando yapadera nthawi zina amaonedwa ngati aphungu achiwiri, omvera chipani kuposa ovota.

Kodi amayi akachuluka m'Nyumba ya Malamulo pamasinthadi kanthu?

Pali malamulo amene gulu la aphungu aakazi, mogwirizana ndi mabungwe ndi unduna woona za amayi, linawalimbikira: loletsa nkhanza za m'banja la 2006, la chuma cha masiye la 2011, la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017 kumene kunatseka mpata wokwatiwitsa ana osakwana zaka 18. Koma wofufuza wosamala sathamangira kunena kuti chiwerengero ndicho chinabala malamulowa. Awiri omalizawa anadutsa pamene amayi anali atachepa m'Nyumbamo, ndipo sakanadutsa popanda mavoti a abambo, kukakamiza kwa mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, ndi chidwi cha mayiko othandiza. Kuti mudziwe amene anachita chiyani, muyenera kukhala ndi Hansard masabata angapo, kuwerenga amene anaimirira, amene anadulidwa mawu, ndi amene anakhala chete chipani chitawalamula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masamba ambiri amene mudzawerenge adzakhala a milatho ndi mijigo, chifukwa phungu wamkazi nayenso amaweruzidwa ndi ovota pa chitukuko cha m'dera.

Kodi kumudzi ndimangofika n'kuyamba kufunsa mafunso?

Ayi. Kafukufuku wokhudza anthu amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, ya pa yunivesite kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology. Mukatero mumakadziwitsa ofesi ya DC, kenaka mfumu yaikulu, gulupu ndi nyakwawa, ndipo kudumpha mmodzi mwa amenewa kumakutayitsani masiku. Fotokozani momveka kuti simunatumidwe ndi chipani ndiponso simunabwere kudzalemba mayina a olandira thandizo, chifukwa munthu wonyamula kope kumudzi amaganiziridwa zimenezi. Chakumalosa ndi ku Domasi, wodziwa Chiyao amamva zambiri zimene womasuliridwa zimamudutsa.

Phungu, ngakhale amene anagwa kale, mumutchule kuti Olemekezeka mpaka atakuuzani yekha kuti musiye. Musayambe ndi funso la ndalama kapena la banja. Ndipo mukalonjeza kubisa dzina, bisani ndi dera lomwe, chaka ndi chipani ngati kuli kofunika, chifukwa m'boma limene munaima amayi atatu okha, kulemba kuti mayi wina wa chipani chakuti n'chimodzimodzi kumutchula dzina. Zimene wakuuzani za akuluakulu a chipani chake zingathe kumutsekera khomo pa chisankho chikubwerachi.

Kodi mwamuna angathe kuchita kafukufuku ameneyu?

Angathe, ndipo alipo amene akuchita. Pali nkhani zina, makamaka za kufunsiridwa ndi akuluakulu a chipani posinthana ndi thandizo, zimene mayi sangamasuke kuuza mwamuna, choncho ndi bwino kugwira ntchito ndi mnzanu wamkazi. Mbali inayi, magavanala ndi apampando a zipani amamasukira mwamuna mnzawo, ndipo iwowo ndi amene agwira makiyi.

Kodi ntchitoyi imadyetsa, ndipo munthu amakwera bwanji?

Imadyetsa koma silemeretsa. Munthu amayamba ngati wothandizira kuphunzitsa, n'kumakwera mpaka pa upulofesa, ndipo chimene chimamukweza kwambiri ndi nkhani za kafukufuku zimene wasindikiza m'magazini a akatswiri. Nkhani yotere imawerengedwa ndi akatswiri ena amene simuwadziwa, imabwezedwa kuti mukonze, nthawi zina imakanidwa kumene, ndipo chaka chingathe isanatuluke. Zonsezi mumachita muli ndi makalasi odzaza ndi milu ya mapepala a mayeso oti muchonge.

Ndalama za kafukufuku zambiri zimachokera kunja, kudzera m'mgwirizano ndi mayunivesite a ku Norway, Britain, America ndi kwina, kapena m'mabungwe a mu Africa monga CODESRIA ya ku Dakar. Pamenepa ndichenjeze zinthu ziwiri. Mukamalowa mgwirizano, gwirizanani polemba, ntchito isanayambe, za amene dzina lake lidzakhale pa nkhani yosindikizidwa. Ine ndinayendapo miyezi iwiri m'midzi kusonkhanitsa mayankho, koma nkhani itatuluka dzina langa linali m'mawu othokoza okha, pamodzi ndi la dalaivala. Chachiwiri, chisankho chikayandikira mabungwe amafuna akatswiri owalembera malipoti, ndipo malipiro ake amaposa a mwezi. Palibe cholakwa kugwirako, koma malipoti amenewa sakukwezani pa ntchito, ndipo ndaona anzanga aluso atatha zaka khumi akuthamangira maganyu otere, digiri ya udokotala ili chiimire.

Kwa amayi ofufuza pali katundu wina wapadera. Zaka zoyenera kupita kunja kukaphunzira ndi zomwezo zimene ambiri amakhala ndi ana aang'ono, ndipo pa mipando ya upulofesa amayi ndi ochepa monga momwe alili ku Nyumba ya Malamulo. Zimene mukufufuza kunjako mudzazipezanso m'misonkhano ya pa dipatimenti.

Kodi wofufuza angakhalenso womenyera ufulu wa amayi, kapena kulowa ndale?

Ambiri a ife tinalowa m'phunziroli chifukwa tikufuna kuona amayi ambiri pa maudindo, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Vuto limabwera pamene zotsatira zikutsutsa zimene mumayembekezera, monga mukapeza kuti phungu wamkazi anagwa chifukwa anasiya kupita kudera kwake, kapena kuti maphunziro amene mabungwe anapereka kwa opikisana sanasinthe kanthu. Zimenezo muyenera kuzilemba momwe zilili. Mukavala nsalu ya chipani, dziwani kuti a zipani zina sadzakuuzaninso zakukhosi.

Kuphunzitsa za ndale kuli ndi zoopsa zake, ndipo a ku Chirunga, kumene kuli Chanco, amakumbukira. Mu February 2011 a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kuti akafotokoze chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi ananyanyala ntchito kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Amene ankatsogolera bungwe la aphunzitsiwo anali mayi, a Jessie Kabwila, amene mu 2014 anasankhidwa kukhala phungu wa Salima North West. Njira yochoka m'kalasi kupita ku Nyumba ya Malamulo ilipo ndithu, koma woidutsa amasanduka wofufuzidwa.

Ndikufuna kuyamba. Ndi mitu iti imene ikusowa anthu?

Makhansala ndi amene aiwalika kwambiri. Dziko linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka chisankho chapatatu cha 2014, ndipo pa mawodi 462 a chaka chimenecho amayi opambana sanafike ndi 60 omwe, kutanthauza kuti powerengera maperesenti anachepa kuposa ku Nyumba ya Malamulo, ngakhale kuti wodi ndi yaing'ono ndipo kampeni yake iyenera kukhala yotsika mtengo. Chifukwa chake n'chiyani? Palinso makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a kwa mfumu yaikulu, kumene amayi ambiri amayambira utsogoleri, nthambi za amayi m'zipani, zimene zimadzaza mabwalo koma sizisankha oimira chipani, ndi lamulo lakuti phungu azidziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, limene limagwera kwambiri amayi amene anasiyira sukulu panjira. Amene anagwa pa chisankho nawonso sawafunsa kawirikawiri, chonsecho aphungu ambiri kuno sabwerera kachiwiri, ndipo mayi amene walawa zaka zisanu n'kugwa amadziwa zambiri kuposa amene wangolowa kumene.

Langizo langa kwa woyamba ndi lakuti asankhe dera limodzi la m'boma lino, kaya Chingale, kaya Thondwe, kaya Likangala, n'kulemba mayina a amayi onse amene anaimapo kapena kuyesa kuima pa uphungu ndi pa ukhansala kuyambira 1994. A pa pepala lovotera adzawapeza m'zotsatira za MEC ndi m'nyuzipepala zakale, koma a m'zisankho za chipulula adzawapeza pofunsa apampando akale a m'maeriya, aphunzitsi opuma ntchito ndi amayi a m'misika, ndipo dzina lililonse limene wauzidwa alitsimikize kwa anthu awiri ena asanalilembe. Akasankha Chingale, ulendo wa kuseri kwa phiri aukonze mvula isanayambe, ndipo apite ndi kope ndi cholembera kuwonjezera pa foni yojambulira mawu, chifukwa si paliponse pamene adzapeze potchajira.